Kodi munatsala ndi chiyani kuchokera m'masiku a lockdown?

Bambo Phiri, Mufakose

Abale anga a kuno ku Harare, nkhani imeneyi yakhala ikundizungulira m'mutu kwa masabata angapo, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiifunse poyera. Pa 30 March 2020, pamene lamulo la Pulezidenti Mnangagwa loti aliyense akhale pakhomo kwa masiku 21 linayamba kugwira ntchito, ine ndinali kalaliki pa kampani ina ya ku Workington. Ndinkadzuka tambala woyamba asanalire kukaima pamzere wa kombi (maminibasi a kuno), ndipo pobwera madzulo ndinkapeza ana atagona kale. Kombi zitaletsedwa, mabasi a ZUPCO okha n'kumayenda, komanso munthu osaloledwa kulowa m'tauni popanda kalata yochokera kuntchito, ndinapezeka ndikuswera pakhonde ndi bambo anga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Bambowo anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1960, koma ine ndinali ndisanawafunsepo kuti ulendowo anauyenda bwanji. M'masiku amenewo ndi pamene anandisimbira za kuwoloka Zambezi ku Tete, za anzawo amene anatsalira m'mafamu a fodya osafika n'komwe mu Salisbury (dzina lakale la Harare), ndiponso dzina la mudzi wa agogo anga, limene ndinalilemba mkati mwa chikuto cha Baibulo kuti lisasowenso. Tinalimanso kadimba ka mpiru ndi repu kuseri kwa nyumba, n'kumathirira ndi madzi otsukira mbale.

Lero ndikuthamangiranso basi monga kale, ndipo kadimba kaja kanauma. Ndiye ndikufunsa kuti, kodi kufatsa kuja kunatiphunzitsadi kanthu, kapena tinangokhala chifukwa chokakamizidwa, ndipo atatimasula tinaiwala zonse?

Mayi Nabanda, Mabvuku

Bambo Phiri, zikomo pofunsa, koma mundilole ndinene kuti kufatsa mukunenaku si tonse amene tinakulawa. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo ndimakapikula ku Mbare Musika. Misika itatsekedwa m'masiku oyambirira aja, tomato wa madengu awiri anawolera m'khitchini mwanga ndikumuona, ndipo kwa munthu amene amadya zimene wapeza tsiku lomwelo, kukhala pakhomo ndi njala basi. Kuno ku Mabvuku madzi a m'mipopi anasiya kutuluka kalekale, choncho pamene wailesi inkatiuza kuti tizisamba m'manja pafupipafupi ndi kukhala motalikirana, ife tinali titapanikizana pamjigo kuyambira 3 koloko usiku, zigubu zili mdondomeko mpaka kumsewu. Tikachoka kumeneko tinkakaimanso pamzere wa ufa, ndipo pofika July chaka chimenecho mitengo inali itakwera moti ndalama imene wagwira m'mawa inkafika madzulo itachepa mphamvu.

Komabe sindinganame kuti ndinatuluka chimanjamanja. Sukulu zitatsekedwa ndinamuuza mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali Grade 5, kuti andiwerengere uthenga wa pafoni, ndipo ndinadabwa kumuona akugwiragwira mawu ngati mwana wa Grade 2. Zaka zonsezo ndinkangolipira fizi n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Tinayamba kuyala mphasa masana aliwonse pansi pa mtengo wa mapeyala, iye akuwerenga, ine ndikusankha nyemba, ndipo mabuku a kusukulu atatha tinatenga buku langa la nyimbo za kutchalitchi. Umu ndi mmene mwana amene amaphunzira Chishona ndi Chingerezi kusukulu anadziwira kuwerenga Chichewa. Mpaka pano ndimaweruka pamsika 4 koloko m'malo mwa 7 koloko, ngakhale kuti makasitomala a madzulo ndi amene amagula kwambiri, ndipo anzanga a pamsika amandiseka kuti ndinalemera.

Agogo Mwale, Highfield

Mwana wanga Phiri, ndalemba izi mothandizidwa ndi mdzukulu wanga, chifukwa maso anga sakuonanso bwino zilembo za pafoni. Mu April 2020, khoti lalikulu ku Malawi litaimitsa lockdown imene boma linkafuna kuyamba, mng'ono wanga wa ku Dedza anandiimbira foni akuseka, nati iwo akuyenda mwaufulu pamene ife atitsekera ngati nkhuku m'khola. Tinaseka tonse, ndipo ndinamulonjeza, monga ndinkachitira chaka chilichonse kwa zaka 11, kuti ndidzabwera zinthu zikakhala bwino.

Mu January 2021, matenda atabweranso mwamphamvu, kuno atatibwezera m'nyumba ndi lamulo loti pasapezeke woyenda kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, mng'ono wanga uja anatisiya. Njira ya ku Nyamapanda, pamalire a Zimbabwe ndi Mozambique, inali yosadutsika kwa munthu wamba ngati ine. Mwambo wa maliro ndinauonera pa WhatsApp, nditakhala pampando wanga womwewu, ndipo bandulo inatha pamene adzukulu ankatsitsa bokosi m'manda, chithunzi n'kuima pomwepo. Kwathu mkulu wa malemu sakhala patali pa tsiku lotero, ndiye amene amayenera kulandira anthu pasiwa ndi kulankhula m'malo mwa banja, koma ine ndinangogwira foni yozima m'manja. Anzanga a bungwe lathu lothandizana pamaliro, amene takhala tikuikana nawo maliro kuno kwa zaka zambiri, sanathe ngakhale kubwera kudzagona pakhomo panga, popeza maliro a kuno omwe ankaloledwa anthu 30 okha.

Choncho pamene inu achinyamata mukuti munaphunzira kuchita zinthu modekha, ine nkhalamba ndinaphunzira zosiyana, kuti ndinadekha mopitirira muyeso. Malire atatsegulidwa ndinagulitsa njinga yanga ndi wailesi, ndinakwera basi mu 2022, ndipo ndinakagwada pamanda a mng'ono wanga. Iwe ukudandaula za dimba louma, koma dimba ungalitipule Loweruka likubwerali. Chimene ndikufuna undiyankhe n'chakuti, kodi bambo ako akadali moyo, ndipo dzina la mudzi lija likadali m'Baibulo momwemo?

Bambo Phiri, Mufakose

Mayi Nabanda, mwandidzudzula moyenera, chifukwa ine malipiro anga ankabwera ngakhale anali odulidwa, ndipo sindinaganize za amene analibe chowagwira m'manja. Agogo Mwale, bambo alipo, ali ndi zaka 81, ndipo dzulo nditawawerengera zimene mwalembazi anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anandituma kuti ndikafufuze pasipoti yawo m'sutikesi ya pansi pa bedi. Ndaipeza, koma inatha ntchito kalekale, choncho Lolemba ndipempha tsiku limodzi kuntchito kuti ndipite nawo ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Ndikupemphani mundiuze ngati basi munakakwerera ku Roadport kapena ku Mbare, ndiponso ngati munthu wa msinkhu wawo angapirire ulendo wodutsa ku Tete m'nyengo yotentha, kapena ndi bwino tidikire mwezi wa June.