Kodi ufa wa mapuloteni ukhoza kunenepetsa munthu amene akufuna kuchepetsa thupi?

Ndikupempha inu amene mumadziwa bwino za kadyedwe kuti mundithandize pa nkhani ya ufa wa mapuloteni wa whey (wopangidwa kuchokera ku mkaka), womwe ndimamwa m'mawa ndikachoka kochita masewera olimbitsa thupi. Cholinga changa ndi kuchepetsa thupi, choncho ndinachepetsa nsima ya usiku n'kusiyiratu zakumwa zotsekemera, koma sikelo ikuonetsa kuti ndikukwera m'malo motsika.

Pachitini palembedwa kuti magalamu 30 a ufawu ali ndi mapuloteni okwana magalamu 24 ndiponso ma calorie (muyeso wa mphamvu zimene chakudya chimapereka m'thupi) pafupifupi 120. Ine ndimausungunula m'kapu ya mkaka wa kirimu, n'kuikamo nthochi imodzi ndi supuni ya chiponde, ndipo ndikawerengetsera zonsezi zikupitirira ma calorie 400. Kodi vuto ndi ufawo, kapena ndi zoonjezerazi, makamaka poti pambuyo pake ndimadyabe phala monga mwa nthawi zonse? Nanga ndi bwino kuti ndizimwa m'malo mwa kadzutsa, kapena ndizingousungunula m'madzi?

Mnzanga wina akuti ndi minofu imene ikukula, koma ine ndikukayika chifukwa lamba akundithinabe pamimba. Ndikufunanso kudziwa ngati mazira, usipa ndi soya zingandipatse mapuloteni okwanira, popeza ufawu ndi wodula kwambiri.