Nthambi za bougainvillea zikungowola ngakhale ndapaka ufa womeretsa mizu

Mayi wa ku Chilenje

Anzanga olima maluwa, ndithandizeni. Pakhomo pathu pali mtengo wa bougainvillea wofiirira umene malemu mayi anga anabzala ine ndili mwana. Nyumbayi tagulitsa, ndipo mwini watsopano akuti akadzalowa mu Disembala adzaudula kuti amange mpanda wa mabuloko. Ndikufunitsitsa kupita nawo ku Chalala kumene tikusamukira.

Mu Juni ndinadula nthambi 20. Ndinagula ufa womeretsa mizu wa nambala 3, ndinaviika nthambi iliyonse mpaka kuyera mbuu, kenako ndinazibaya m'machubu a dothi losakaniza ndi manyowa a nkhuku. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo. Patatha masabata atatu masamba onse anayoyoka. Nditazula imodzi ndinapeza kunsi kwake kwada bii, khungwa likusupuka ngati la chinangwa chovunda. Palibe ndi imodzi yomwe yagwira. Kodi ufawu ndi wabodza, kapena ndalakwitsa pati?

Wa nazale ya mu Leopards Hill Road

Pepani amayi. Ufawo si wabodza ayi, koma munauchulukitsa. Muli mankhwala otchedwa IBA, amene amagwira ntchito ngati auxin, mankhwala achilengedwe amene chomera chimapanga chokha kunsonga n'kuwatumiza kunsi. Ntchito yake ndi kudzutsa mizu pabala, basi. Si feteleza, ndipo akachuluka amawotcha pamene pamayenera kutuluka mizu pomwepo. Manambala aja ali ndi tanthauzo. Pa ufa wotchedwa Seradix, nambala 1 ili ndi IBA 0.1% ya nthambi zanthete, nambala 2 ili ndi 0.3% ya zoyamba kukhwima, nambala 3 ili ndi 0.8% ya zokhwimiratu. Ine bougainvillea ndimadula nthambi yoti yayamba kumene kusintha mtundu kuchoka kobiriwira, yonenepa ngati pensulo, ndipo nambala 2 imandikwanira.

Koma chimene chinapha nthambi zanu kwambiri ndi manyowa ndi madziwo. Nthambi yopanda mizu siidya, siimwanso kwenikweni. Mukaiika m'dothi lonona lonyowa tsiku lonse, ndiye mukudyetsa nkhungu zowoletsa. Onjezanipo kuzizira kwa Juni kuno ku Lusaka: dothi likazizira mizu imachedwa, kuwola n'kumene kumafika msanga.

Yambiraninso tsopano kwafunda. Dulani m'mamawa ndi mpeni wakuthwa wopukuta ndi sipiriti, kutalika masentimita 15, modula pansi penipeni pa mfundo. Chotsani maluwa ndi masamba, musiye awiri apamwamba. Ufa tapani pang'ono muike pachivundikiro, musamaviike nthambi m'botolo momwemo. Nyowetsani kunsi kwa nthambi, gunditsani pa ufawo, kenako igogodeni ndi chala kuti wotsala ugwe. Bzalani mumchenga wa kumtsinje wosefa, ndipo yambani mwabowola ndi kamtengo. Mukangobaya nthambi, ufa wonse umatsala pamwamba pa mchenga. Vundikirani ndi botolo la pulasitiki lodula kunsi, muike pamthunzi wowala, osati padzuwa la Okutobala. Mukaona timadontho m'kati mwa botolo musathirire. Dikirani masabata 6 mpaka 10, ndipo chonde musamazule kuti muone. Mizu ya bougainvillea ndi yosachedwa kuthothoka.

Agogo a ku Matero

Mwanawe, popeza mtengowo udakalipo, usadalire zodula zokha. Sankha nthambi yabwino ili pamtengo pomwepo, uisende khungwa mozungulira kutalika ngati kachala, upalepo pang'ono kuti khungwa lisalumikizanenso, upake ufa wako kumtunda kwa balalo. Ukulunge ndi utuchi wakale wonyowa, umange pulasitiki mbali zonse ziwiri. Nthambiyo imakhala ikuyamwabe kwa mayi wake pamene ikutulutsa mizu, n'chifukwa chake siifa wamba. Ukaona mizu yoyera kudzera m'pulasitiki, ndiye udule kunsi kwake. Mandimu anga awiri ndinawatenga chomwechi kwa mchemwali wanga. Manga zitatu kapena zinayi lero lomwe, Disembala sali patali.

Mnyamata wa ku Chelstone

Ndifunseko nawo akuluakulu, ufa womwewu ungameretse mango ndi mapeyala? Ena akuti aloe vera kapena uchi zimagwiranso.

Wa nazale ya mu Leopards Hill Road

Mango ndi mapeyala usataye ufa wako achimwene, nthambi zake zimakana. Fesa njere, mbande ikakula umezanitse. Uchi umathandizako kuteteza bala kuti lisawole, koma sulowa m'malo mwa IBA. Chinangwa, kholowa ndi malubeni sizifuna mankhwala aliwonse.

Mayi wa ku Chilenje

Zikomo kwambiri nonse. Agogo, ndamanga nthambi zinayi madzulo ano, imodzi ndi ija yogwera pawindo la kuchipinda kwa mayi. Mchenga ndapempha kwa aneba amene akumanga, mawa ndiusefa ndi kuutsuka. Bambo a nazale, ufa wa nambala 3 uja ndingaugwiritsebe ntchito ndikasankha nthambi zokhwima, kapena ndikagule wa nambala 2?