Azaumoyo akungofunsa za bala la akazi anga, kodi pali chomwe akutibisira?

Membala wosadziwika: Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Akazi anga anabereka kudzera pa opaleshoni. Titangotuluka m'chipatala kunabwera wazaumoyo ndi fomu, kuyang'ana mchombo wa mwana, kumuyeza kutentha thupi, kenako mafunso osatha: bala likutuluka mafinya? Zotuluka kumusi zikununkha? Pano akuimbanso foni. Pa mwana woyamba zimenezi kunalibe. Apongozi akuti mwina kuwodi kunabuka matenda ndiye akutizembera mochenjera. Ndiwakanize? Nanga zomwe akulembazo zikupita kuti?

Namwino wa kumatenite: Achimwene, chonde musawakanize. Bala la opaleshoni likalowa tizilombo, nthawi zambiri limadzaonekera mayi ali kale kunyumba, ndiye chipatala sichingadziwe chikapanda kulondola. Nchifukwa chake amatsatira mpaka masiku 30. Akaona kuti amayi angapo ochokera wodi imodzi mabala akutuluka mafinya, amakafufuza ngati zipangizo zikuwiritsidwa bwino, ngati ogwira ntchito akusamba m'manja. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanenanso kuti mayi ndi khanda aonedwe m'maola 24 oyamba, tsiku lachitatu, pakati pa masiku 7 ndi 14, komanso pa masabata 6.

Amake awiri: Komatu apongozi anuwo asanyozedwe. Muwafunse azaumoyowo maso ndi maso ngati kunali vuto, ndi ufulu wanu. Aonetsenso chiphaso cha ntchito, masiku ano anthu ngovuta.

Namwino wa kumatenite: Zoona amayi. Afunsenso amene amaona fomuyo. Ku malipoti kawirikawiri kumapita chiwerengero, osati nkhani ya munthu. Koma achimwene, zanu ndi izi: khanda likakana bere, likamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi, likatentha kupyola madigiri 37.5 kapena kuzizira pansi pa 35.5, likafooka kapena kukomoka, musadikire foni yawo. Mayi akamanjenjemera ndi kutentha thupi, chimodzimodzi.

Membala wosadziwika: Zikomo anamwino. Mwana akuyamwa bwino, koma khungu lozungulira mchombo lafiira ndipo pakutuluka timadzi tonunkha. Tipake chani?

Namwino wa kumatenite: Musapake kanthu. Mutengeni lero lomwe, khanda silichedwa kufooka. Buku lake musaiwale, ndipo wazaumoyo uja mumuuze alembe.