Mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu wang'ambika, kodi ndingabwerere liti pa mpira?

Winga_Wakumanzere

Abale anga ndithandizeni nzeru. Lero ndi tsiku la 9 chivulalireni. Tinali pa mpira, ndikuthamangira bola yomwe anandiponyera kutsogolo, ndili pa liwiro ndithu ndinangomva kuti phwa! kumbuyo kwa ntchafu ya kumanja ngati munthu wandigenda ndi mwala, mpaka ndinacheuka kuti ndione wandimenya ndani koma panalibe munthu pafupi. Ndinagwa pomwepo, anzanga anachita kundinyamula. Kuchipatala adokotala anandigoneka chafufumimba nkumadina dina, kenako anandiuza ndipinde bondo iwo atagwira chidendene, eish ndinakuwa. Anati ndi hamstring, yang'ambika koma sinadukiretu, grade 2. Anandimanga bandeji nkundipatsa ndodo zoyendera ndi mankhwala a ululu.

Pano ndodo ndasiya, ndikuyenda ngakhale ndikutsimphina pang'ono. Koma chikundiopsa ndi chakuti kwada kuseri kwa bondo mpaka kuyamba kutsikira ku katumba, pomwe ine sindinavulale kumeneko. Kodi zimatero? Chachiwiri, timu yathu ili ndi gemu yofunika masabata awiri akubwerawa ndipo ululu ukuchepa tsiku ndi tsiku, ndiye ndimaganiza kuti ndikangomanga bwino bandeji mwina nditha kusewerako half imodzi. Amene zinakuchitikiranipo mundiuze chilungamo.

Difenda_Wopuma

Achimwene, gemu imeneyo iwalani. Ndikunena ine amene ndinachita zomwe mukuganizazo ndendende. Yanga inali ya kumanzere, patatha masabata atatu ndinkayenda bwinobwino, masitepe ndikukwera, ngakhale kujoga pang'ono osamva kanthu, ndiye ndinati basi ndachira. Ndinalowa mu gemu, mphindi khumi zoyamba zonse bho, koma nditangoti ndithamangitsane ndi sitiraika wawo inang'ambikanso pamalo pomwepo, ndipo ulendo wachiwiriwu inali yoipa kuposa woyamba. Ndinakhala panja pafupifupi miyezi inayi. Timu yomwe ndinkaifera ija inangoika munthu wina pa nambala yanga nkumapitiriza kusewera, palibe anabwera kudzandithandiza kuvala sokosi m'mawa, chifukwa kuwerama kunkakanika.

Chimene chimapusitsa ndi chakuti ululu umatha msanga kusiyana ndi kuchira kwa mnofu. Kuyenda sikufuna mphamvu zambiri za hamstring. Imagwira ntchito yolemetsa pamene ukuthamanga kwambiri, mwendo uli kutsogolo utatsala pang'ono kuponda pansi, nthawi imeneyo mnofu umakhala utakokeka kwinaku ukugwira buleki. Ndiye bandeji ingathandize chani pamenepo? Palibe.

Mjomba_77

Aise usadandaule, ungothowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo kenako upeze munthu wa manja amphamvu akutikite bwinobwino magazi oundanawo asungunuke. Sabata imodzi uli mu gemu.

Mayi_Fizo

Mjomba_77 pepani koma apa ndikutsutsani. Kutikita mwamphamvu pa mnofu wong'ambika kumene ndi kuputa mavuto. Masiku awiri kapena atatu oyambirira timaletsa zinthu zinayi: zotentha, mowa, kuthamanga ndi kutikita, chifukwa zonsezi zimaonjezera kutaya magazi mkati ndi kutupa. Nthawi imeneyo chofunika ndi kupumitsa mwendo, kuukweza m'mwamba pa pilo, bandeji yothina pang'ono, ndi ayisi wokulunga mu kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, osamuika pakhungu mwachindunji. Achimwenewa adutsa kale pamenepo, tsiku la 9 kofunda pang'ono sikungawapweteke, koma zoti munthu azikanya ndi zigongono pa bala ayi ndithu. Makamaka kwa amene avulala ntchafu ya kutsogolo chifukwa chomenyedwa ndi bondo, nthawi zina mkati mwa mnofu momwe munaundana magazi mumayamba kumera kafupa, amati myositis ossificans, ndipo kuvutitsa balalo msanga kumaonjezera mwayi woti zitero.

Tsopano kwa inu a Winga. Za kuda kuseri kwa bondo musaope. Ndi magazi omwe anatuluka pomwe panang'ambika paja, amayenderera kutsika m'munsi pansi pa khungu, ndiye amaonekera patatha masiku komanso kutali ndi bala. Mtundu wake uzisintha, kuda, kubiriwira, kenako chikasu mpaka kuzimirira.

Kumbuyo kwa ntchafu kuli minofu itatu, imayambira pa fupa lomwe timakhalira pansi pa thako nkukathera kumunsi kwa bondo. Ntchito yake ndi kupinda bondo ndi kukankhira mwendo kumbuyo. Grade 1 ndi timinyewa tochepa chabe, munthu amatha kubwerera pakatha sabata imodzi mpaka atatu. Grade 2 ngati yanuyo nthawi zambiri ndi masabata 4 mpaka 8. Grade 3 ndiye kudukiratu, ndi nkhani ya miyezi ndipo ikazuka pa fupa ena amachitidwa opaleshoni. Ndiye werengani nokha, gemu yanu ikubwera patangotha masabata atatu basi.

Koma musatinso mungogona pa mpando mwezi wonse, kumeneko ndi kulakwitsa kwinanso. Pong'ambika pamalumikizika ndi chipsera, ndipo chipsera chikapanda kuphunzitsidwa ntchito pang'onopang'ono chimakhala chouma, chosatambasuka, mnofu nawo nkufooka. Yambani ndi zazing'ono. Gonani chagada, bondo lopinda pang'ono, dinikizani chidendene pansi kwa masekondi asanu kapena khumi, kumasula, kubwereza. Zikamatheka popanda ululu muyambe kudzutsa chiuno m'mwamba mapazi onse ali pansi, pambuyo pake ndi mwendo umodzi. Njinga yongopalasa pamalo amodzi ndi yabwinonso, kusambira chimodzimodzi. Kukoka pang'ono kuli bwino, koma mukamva kubaya siyani, ndipo ngati mawa lake mwadzuka zikupweteka kuposa dzulo ndiye kuti munapyola muyezo, bwererani pa sitepe ya m'mbuyo. Kudziwongola mwamphamvu kofuna kugwira zala za kuphazi kuja musathamangire, anthu ambiri amaganiza kuti kumanga komwe akumva ndi chizindikiro choti akoke kwambiri, pomwe akung'ambanso pomwe pamalumikizika.

Kumapeto kwenikweni ndi pomwe mudzayambe Nordic, ija yogwada mnzako atakugwira akakolo iwe nkumagwera kutsogolo pang'onopang'ono. Imalimbitsa mnofu pa ntchito yogwira buleki yomwe a Difenda anena ija. Ndi yowawa ngakhale kwa munthu wabwinobwino, ndiye osaiyamba sabata ino.

Kubwerera mu gemu sikuyendera kalendala yokha. Pakhale poti mukadina pa balapo simukumva kanthu, mphamvu zikufanana ndi mwendo winawo, mwendo ukutambasuka mofanana ndi unzake, komanso mwathamanga liwiro lanu lonse pa tireningi kangapo, kutembenuka ndi kumenya bola, osamva chilichonse tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Chomaliza, izi zokha musadikire: katumba akatupa, kutentha ndi kupweteka, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kupweteka pachifuwa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa atha kukhala magazi oundana mu mtsempha. Chimodzimodzi dzanzi lotsika mpaka kuphazi, kapena mukagwira nkupeza kadzenje pa mnofu.

Winga_Wakumanzere

Zikomo kwambiri amayi, za kudako mtima wakhala pansi. Katumba sanatupe, ndayerekeza ndi winayu akufanana. Ndayesa ija yodinikiza chidendene, ndikutha koma mwendo ukunjenjemera ngati ndanyamula thumba la simenti, zochititsa manyazi kwa munthu amene ndimathamanga mphindi 90. Funso lina, ndikakhala pa mpando wouma nthawi yaitali kukumapweteka m'mwamba pafupi ndi thako, komanso ekisileyi sanandijambule, kodi sanalakwitse?

Mayi_Fizo

Kunjenjemerako ndi kwabwinobwino, mnofu umafooka msanga. Ekisileyi imaonetsa mafupa, mnofu suoneka bwino, ndiye sikuti analakwitsa. Amaifuna makamaka kwa achinyamata amene akukulabe, chifukwa iwowo mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa umatha kuzula kachidutswa ka fupa. Choonera mnofu ndi sikani ya ultrasound kapena MRI. Koma zopweteka mukakhala pansizo mukawauze adokotala mukapitanso, musaiwale, chifukwa bala likakhala m'mwamba pafupi ndi fupa, pa mtsempha, limachedwa kupola kusiyana ndi la pakati pa mnofu, ndipo mwina angafune sikani. Pakadali pano muziika kapilo komanso muzidzuka pafupipafupi.

Difenda_Wopuma

Ndipo muwauze akochi lero lomwe kuti simusewera, musadikire tsiku la gemu. Mukangopita ndi jombo mu chikwama, wina akavulala adzakuyang'anani ndipo inu simudzakana, ndikukudziwani anthu a ku wingi. Jombozo mupatse mlamu wanu akusungireni.

Mjomba_77

Chabwino ndagonja, koma ine yanga inapola ndi madzi otentha omwewo kkkk

Difenda_Wopuma

Yanu inali kalampu chabe aise.

Winga_Wakumanzere

Kkkk musawanyoze a Mjomba. Akochi ndawaimbira, anangoti "hmm" nkudula foni. Kuchipatala ndibwerera Lachinayi, ndikawauza za pa mpandozo.