Esiteti ya agogo pafupi ndi Dedza boma: tiidule mapuloti kapena tidikire?

Mdzukulu wa ku Dedza

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za malo. Banja lathu lili ndi esiteti ya mahekitala 40 m'mbali mwa msewu wa M1, mukangotuluka pa Dedza boma kulowera ku Linthipe. Agogo athu aamuna anaitenga pa lizi m'zaka za m'ma 1980 ndipo ankalimapo fodya ndi chimanga. Iwo anamwalira osasiya wilo, zigafa zinagwa kalekale, ndipo lero timangolima kachewere pa kachigawo kochepa, kwinako tinabwereketsa anthu a m'midzi yoyandikana nafe. Popeza nyumba za m'tawuni zayamba kufika m'malire mwathu, munthu wina wochita malonda a malo watiuza kuti tiidule mapuloti, iye azigulitsa n'kumatengapo gawo lake. Amalume akufuna tiyambe chaka chino, koma mayi aang'ono akukanitsitsa. Kodi nkhani yotereyi imayambira pati?

Woyeza Malo Wopuma

Achimwene, musanakambirane za mitengo ya mapuloti, pezani kaye pepala la lizi muwerenge zinthu ziwiri: zaka zake ndi ntchito imene boma linavomereza pa malowo. Malizi ambiri a maesiteti a fodya a nthawi imeneyo anali a zaka 21 zokha, choncho ngati agogo anu anaitenga m'ma 1980 ndipo palibe anakaionjezera, inatha mphamvu zaka zambiri zapitazo. Mufunsenso ku Unduna wa Zamalo ku Lilongwe ngati pali ngongole ya lendi ya malo ya chaka ndi chaka, chifukwa mabanja ambiri anasiya kulipira pamene fodya anasiya kupindula, ndipo ngongoleyo imayamba yathetsedwa asanakuthandizeni china chilichonse.

Lizi ikakhala yabwino, vuto lotsatira n'lakuti inaperekedwa kuti pakhale ulimi. Kumanga nyumba zokhalamo kumafuna chilolezo chosintha ntchito ya malo, ndipo lamulo la Physical Planning Act la 2016 linaika dziko lonse pansi pa mapulani, osati mizinda yokha monga zinkakhalira kale. Mumalemba katswiri wa mapulani kuti ajambule misewu, ngalande, mapuloti ndi malo a onse; pulaniyo ikavomerezedwa, woyeza malo wovomerezeka amakhoma mabikoni, zikhomo zosonyeza malire, ndipo pokhapo m'pamene wogula aliyense angapeze lizi yakeyake.

Wogulitsa malo uja mwina wakuwerengerani kuti mahekitala 40 ndi masikweyamita 400,000, ndipo mukawagawa ndi puloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali mupeza mapuloti oposa 660. Masamuwo ndi oona pa pepala pokha. Mukachotsa misewu, ngalande, malo a sukulu ndi msika, dambo ndi malo otsetsereka kwambiri, ine sindingadabwe mutataya gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndipo ku Dedza ngalande si nkhani yocheza, pakuti madzi ochokera m'mapiri akapeza msewu wopanda makalavati amausandutsa chigwembe mvula ya chaka chimodzi.

Nachisale wa ku Ntcheu

Zimene anena bambo oyeza malowa n'zoona, koma ine ndikuona kuti mlandu wanu uli m'nyumba, osati ku ofesi. Agogo anu anamwalira opanda wilo, ndiye esitetiyo ndi chuma cha masiye, ndipo lamulo la 2011 loona za chuma chotere limaika patsogolo mkazi wa malemu, ana ndi amene ankawadalira. Amalume anu ndi eni mbumba, ulemu wawo tisawalande, koma malo a lizi si munda wa makolo woti iwo agawe monga mwa mwambo. Pafunika munthu amene khoti lamupatsa makalata oyendetsera chumacho, ndipo mayi anu aang'ono ali ndi mawu ofanana ndi a mlongo wawo. Mukagulitsa iwo asanavomere, adzakatenga chiletso kukhoti, ogula adzakusowetsani mtendere, ndipo ndalamazo zidzathera kwa maloya.

Musaiwalenso anthu amene munawabwereketsa minda. Munthu amene walima pamalo zaka zambiri, wadzalapo nthochi ndi mapichesi, samachoka ndi kalata ya mwezi umodzi. Pitani kwa anyakwawa ndi agulupu mukafotokoze msanga, mugwirizane kuti akolole kaye, ndipo ngati muli manda kapena njira yopita kumjigo, zimenezo zilowe m'pulani zisanakhomedwe zikhomo.

Ine ndinagula puloti kufupi ndi Ntcheu boma pa malo amene banja lina linadula lokha ndi chingwe. Anasiya kanjira kopapatiza koti ngakhale lole ya njerwa sikanalowa, moti simenti ndi mchenga tinkatutira pa wilibala kuchokera kumsewu waukulu. Mpaka lero tikusonkherana ndalama ya mapaipi ndi mapolo, chifukwa a Central Region Water Board ndi a ESCOM salumikiza mosavuta pamalo opanda njira yodziwika, ndipo pamenepo sindiwaimba mlandu.

Mlimi wa ku Bembeke

Ine ndili kumbali ya mayi aang'onowo. Dothi lozizira limene limabereka kachewere, kabichi ndi nyemba zimene zimadzaza msika wa Lizulu silipezeka paliponse m'Malawi muno, ndipo mukalithira konkire silibwereranso. Kumbukiraninso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anagulitsa malo ndalamazo n'kuzisunga kubanki anaona okha mmene zinafwifwira, pamene malo amene anagulitsawo anakwera mtengo m'manja mwa eni atsopano. Ngati banja likufunadi ndalama, dulani chigawo chakumsewu chokha, mahekitala asanu kapena khumi, muchikonze bwino, ndipo dambo ndi madimba zikhalebe za banja. Ndalama za chigawo choyambacho ndi zimene zingalambule misewu ya chigawo chachiwiri, ngati mudzachifune n'komwe.

Mdzukulu wa ku Dedza

Zikomo nonse. Pepala talipeza m'sutikesi ya agogo aakazi, ndipo lizi ndi ya zaka 21 monga ananenera bambo oyeza malo. Chosonyeza kuti inaonjezeredwa sitinachione. Koma wogulitsa uja akuti zimenezo zisatidetse nkhawa, iye ali ndi anthu ake amene angathamangitse mapepala, ndipo pakadali pano tiyambe kulandira madipoziti.

Woyeza Malo Wopuma

Musalandire tambala ya munthu aliyense, achimwene. Dipoziti ndi lonjezo logulitsa, ndipo amene adzasaine risiti ndi inu, osati iyeyo; zikadzavuta, apolisi adzafika pakhomo panu. Anthu othamangitsa mapepalawo ndi madobadoba, ndipo mapepala awo ndi amene amachititsa puloti imodzi kukhala ndi eni awiri. Tengani lizi yakaleyo pamodzi ndi kalata ya imfa ya agogo, mupite nokha ku ofesi ya zamalo kwa bwanamkubwa wa Dedza, amalume ndi mayi aang'ono onse ali pomwepo, mukafunse njira yopemphera lizi yatsopano m'dzina la amene khoti lidzawavomereze.