Maselo a pakhungu ndi matenda a mitochondria

Wophunzira unamwino, Thyolo: Akuluakulu, n'chifukwa chiyani akatswiri amalera maselo a pakhungu m'labotale pofufuza ana ofooka minofu amene lactate yawo (asidi amene amachuluka m'magazi maselo akamavutika kupanga mphamvu) ndi yokwera?

Dokotala, Mulanje: Mwafunsa bwino, achemwali. Amadula kachikopa kochepa, maselo ake amachulukana kwa milungu ingapo, kenako amayeza mphamvu ya maenzayimu a mu mitochondria (tizigawo ta selo topanga mphamvu) othandiza kupanga ATP, yomwe imanyamula mphamvu m'maselo, makamaka maenzayimu otchedwa complex I ndi complex IV, amene akafooka angayambitse matenda a ubongo otchedwa Leigh. Akawadyetsa shuga wa galactose m'malo mwa shuga wa glucose, maselo odwalawo amalephera kukula, chifukwa ndi galactose maselo amadalira mitochondria kuti apeze mphamvu.

Namwino, Luchenza: Zoonadi adokotala, komabe khungu nthawi zina limabisa vuto looneka bwino m'minofu, choncho zotsatira zabwino zisatigonetse tulo. Ifenso tinaona mitochondria itawonongeka ndi mankhwala a HIV otchedwa stavudine, odwala akudandaula dzanzi kumapazi.