Thandizeni pa nkhani yachikondi ya nthawi ya zombo za matanga

Abale ndi alongo olemba nkhani, moni kuchokera kuno ku Dedza. Pali buku lachikondi lomwe laima pakati, ndipo ndikupempha nzeru zanu.

Nkhaniyi ikuchitika cha m'ma 1870, ku Nkhotakota nthawi ya Jumbe, mfumu ya Aswahili. Mnyamata ndi Mswahili woyendetsa chombo, kwawo ku Kilwa; mtsikana ndi Mchewa wa kugombe la kufupi ndi Mtakataka. Za mphepo zakhala kale bwino. Mwera umaomba kuchokera kummwera m'miyezi yozizira, makamaka June ndi July, choncho chombo cha thanga limodzi sichingatsike kuchoka ku Nkhotakota nthawi imeneyo popanda kulimbana ndi mafunde. Apa ndi pomwe olemba ambiri amalakwitsa: amamufikitsa mnyamata kwa wokondedwa wake tsiku lomwe akufuna, ngati nyanja ndi msewu. N'chifukwa chake awiriwa akukumana nyengo ya mpoto. Sitima yoyamba yotchedwa Ilala, yomwe idalowa m'nyanja ya Malawi mu 1875, ikuonekera patali kamodzi kokha.

Chomwe chandimanga ndi ukwati. Kwa mtsikana n'kwa chikamwini, mwini mbumba ndi malume. Kodi malume akadamulola bwanji mkamwini wosalima, wosamanga nyumba pamudzi, komanso wogwira ntchito m'chombo chonyamula minyanga ndi akapolo? Ankhoswe ake akadakhala ndani, poti abale ake ali kutali? Chitengwa chikadatheka?

Chinanso, inu a kunyanja: mipata ya matabwa ankamata ndi chiyani kuti madzi asalowe? Amene mudamvako kwa agogo, chonde tiuzeni.